Mpando Umene Amuna Anga Sanakhalepo

Amuna anga ali ndi matenda a mipando yakale. Ndikuti matenda chifukwa munthu wabwinobwino sangaimitse galimoto pakati pa msewu, anzake akumuimbira mahutala kumbuyo, chifukwa choti waona mwendo wa tebulo utatulukira pa mulu wa katundu wa anthu osamuka. Iwo amatero. Kwawo ndi kumpoto, amagwira ntchito yojambula mapulani a milatho ku ofesi ina ya ku City Centre, ndipo pa zina zonse ndi munthu wodekha kwabasi. Koma akangomva kuti mzungu wina wa ku Area 3 akubwerera kwawo ndipo akugulitsa katundu, ndimadziwiratu kuti Loweruka limenelo kumsika ndipita ndekha.

Titasamukira ku Area 43, ine ndinkafuna sofa ngati ya anzanga, yofewa, yoti ukakhalapo uzimira mpaka m'khosi. Zimene zinadzaza pabalaza ndi mipando ya mlombwa ndi ya mbawa, yolemera ngati matumba a simenti, ina yochokera m'nyumba zakale za boma, ina ku mishoni, uliwonse ndi maonekedwe akeake. Alendo akabwera ankayang'ana uku ndi uku, kenaka n'kufunsa mwaulemu ngati katundu wathu weniweni akadali m'njira. Ndinkapsa mtima, sindibisa. Sofa ndinadzagula ndekha pambuyo pake, mwamkwiyo, ndipo inangopanikizidwa pakona.

Kasankhidwe kawo ka mpando ndinakaloweza chifukwa choima pambali nthawi zambirimbiri, chikwama m'khwapa, ndikuusa moyo. Amayamba augadabuza miyendo m'mwamba kuti aone ngati mmisiri analumikiza ndi zikhomo zamtengo kapena anangokhoma misomali. Wamisomali amausiya pomwepo. Amaugogoda ndi chala n'kutchera khutu kuti amve ngati chiswe chinaudya m'kati. Amaununkhiza. Koma chachikulu, amakhalapo. Amatsamira, manja pa zogwirira, n'kutsinzina, mpaka wogulitsa kuyamba kuganiza kuti kasitomala wagona. Kunyumba nakonso alibe mpando wawo umodzi: m'mawa ali pa uwu, akaweruka ali pa uwo, Lamlungu pa wina. Ndipo ali ndi lamulo loti mpando wakale sausintha, saudula, saupaka china chilichonse kupatula polishi. Tsiku lina ndinapaka vanishi katebulo kena poganiza kuti ndikuwathandiza, ndipo tinatha masiku awiri akundiyankha ndi mutu wokha.

Chaka chimene ndikufuna kunenachi, amayi anga anagwa pa mjigo kumudzi kwathu, cha kumadzulo kwa Lilongwe. Inali nyengo ya mvula, pansi panali poterera, ndipo iwo anali atasenza ndowa imene adzukulu awo anawaletsa kusenza. Anathyoka fupa la m'chiuno. Anawachita opaleshoni kuno kutauni n'kuwaika chitsulo, ndipo tsiku lowatulutsa, dokotala, mayi wolankhula mwachindunji, anandiitanira pambali. Anati kwa miyezi ingapo amayi asayerekeze kukhala pansi, pamphasa kapena pa kampando kakafupi, chifukwa chitsulocho chikhoza kuguluka. Anatinso asamangogona. Tsiku lililonse azidzuka n'kukhala pa mpando wolimba, wokhala ndi zogwirira, wofika m'mabondo mwawo kutalika kwake. Ndinaseka chamumtima. Ngati panali chinthu chimene nyumba yanga inali nacho chochuluka, chinali chimenecho.

Pano ndiyenera kufotokoza za amayi ndi mkamwini wawo. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana. Sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sakhala pa mphasa imodzi, ndipo akakumana pa kanjira wina amapatukira m'udzu. Ambiri masiku ano anazisiya, ena mpaka amajambulitsa atakumbatirana. Amayi anga ayi. Pa zaka khumi ndi zinayi za ukwati wathu anali asanalankhulepo ndi amuna anga mwachindunji. Mawu onse ankadzera mwa ine. Amayi ankayang'ana pansi n'kunena kuti, “Uwauze bambo kuti zikomo, feteleza uja anafika.” Amuna anga, ataima mapazi atatu okha kuchokera pamenepo, ankayang'ana mtengo wa mango n'kuyankha kuti, “Muwauze amama kuti palibe kanthu.” Ine pakati ngati lamya. Amayi akabwera kutauni ankagona tsiku limodzi lokha, n'kuswera pamphasa pakhonde lakuseri. Pabalaza sankalowapo, ndipo ine sindinadzifunsepo chifukwa chake.

Tsiku limene tinafika nawo kuchokera kuchipatala, ndinawatsogolera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo yamiyendo inayi mpaka pabalaza. Ndinali nditasankhiratu mpando wamtali bwino n'kuikapo pilo. Atafika pakati pa chipinda anaima, n'kundifunsa chapansipansi.

“Bambo a kuno amakhala pati?”

“Iwowo?” ndinatero ndikuseka. “Paliponse, amayi. Muno mulibe mpando umene sanautenthetse. Ndi sofa yanga yomwe.”

Ndinkangonyogodola amuna anga monga mwa masiku onse. Amayi anayang'ana mipando yonse ija umodziumodzi, kenaka anatembenuza ndodo yawo movutikira n'kulunjika kuchipinda kumene tinawakonzera. Pakamwa pangapa pandilowetsa m'mavuto ambiri pa moyo wanga, koma tsiku limeneli panaposa.

Kuyambira pamenepo anangokhala chigonere. Bedi lawo linali lalifupi ndi lofewa, lopanda potsamira, moti ankangokhala m'mphepete mwake kanthawi kochepa pakudya, n'kubwereranso m'bulangete, nkhope kukhoma. Mayi wina wophunzitsa odwala kuyenda, amene ankabwera kawiri pa mlungu, anandiuza mosapita m'mbali kuti akapitiriza chonchi mwendo uuma, chifuwa chidzaza, ndipo sadzayendanso. Nditawauza amayi, anangoti, “Ndiye ndiperekezeni kwathu. Kwathu ndili ndi mphasa yanga.” Mphasa yomwe ija dokotala analetsa.

Tsiku lachisanu ndinalephera kudzigwira. Ndinatseka chitseko cha chipinda chawo n'kuwakalipira, ine mwana wawo, mawu mpaka kumveka kukhitchini.

“Amayi, mpando ndi mtengo chabe! Mukufuna mulumale chifukwa cha mtengo? Eniakewo sakudandaula, anena okha kuti mukhale paliponse pamene mukufuna!”

Anandisiya ndimalize. Kenaka anatembenuka n'kundiyang'ana momwe ankandiyang'anira ndikaswa mbale ndili kamtsikana.

“Wamaliza? Munthu wandinyamula pa galimoto yake, wandipatsa chipinda m'nyumba mwake, ana ake akundipatsira madzi osamba. Ine ndili ndi chiyani choti ndimupatse? Nkhuku ndilibe kuno, nyemba ndilibe. Chatsala ndi ulemu wokha. Ndiye ukuti nawonso ndiutaye, ndikamukhalire pampando?”

Zaka zonse zija ndinkaona ngati ndi mantha achikale, kapena kuuma mutu kumene inenso ndinatengera. Sindinkadziwa kuti kwa iwo inali mphatso, ndipo kuti ankaipereka tsiku lililonse. Ndinachita manyazi kwambiri, koma manyazi anga sanawadzutse pabedi.

Ndiye ndinaganiza zogula mpando watsopano, woti palibe anaukhalapo. Ndinathamangira m'sitolo ina ku Old Town n'kutenga wapulasitiki, woyera, wa zogwirira. Amayi anavomera kuuyesa. Atangoika thupi, miyendo yakumbuyo inatambasuka pa matailosi, mpando n'kuyamba kutsetsereka. Anakuwa, ine n'kuwagwira m'khwapa asanafike pansi. Kuyambira pamenepo sanafunenso ngakhale kuuona.

Mawa lake, pa nthawi ya nkhomaliro, ndinapita kwa ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi. Mutu unali utaima. Bambo wina anandionetsa mpando wa matabwa awiri olowetsana, wosemedwa njovu ndi mitengo ya malambe pamsana ponse, wonyezimira bwino. Anati, “Madamu, uwu ndi wa mafumu, azungu amaulimbirana.” Ine ndinangomva zoti ndi wolimba ndipo wangochoka kumene kwa wosema. Sindinauyeze n'komwe. Nditaulowetsa kuchipinda n'kuuimika, amayi anauyang'ana nthawi yaitali, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kugwira pachilonda.

“Mwana iwe, ndine mfumu ine? Anthu akumudzi akabwera kudzandizonda andipeze nditagadama pa mpando wa mfumu, mabondo m'mwamba? Ufuna ndikalipe mbuzi?”

Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chiwagwereni ngoziyo, ndipo ndinaseka nawo, ngakhale misozi inali pafupi. Mpandowo unali waufupi kwambiri, wopendekera chagada, womwe uja dokotala akanandimenya nawo. Kuseka kutatha anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena modekha kuti, “Wayesetsa, mwana wanga. Umuimbire mlongo wako abwere Lamlungu adzanditenge.” Amayi anga akanena chinthu modekha ndiye kuti chatha.

Masiku onsewa amuna anga sananene kanthu. Ankatulukira khomo lakukhitchini m'mamawa, pobwera n'kudyera pakhonde, kuti amayi akafuna kupita kubafa asakumane nawo m'njira. Ine ndinkawakwiyira chifukwa cha chete ameneyo, komanso chifukwa cha mipando yawo yonse yopanda ntchito ija. Lachisanu madzulo, ndikutsuka mbale mokalipa, anabwera n'kuika chingwe chopyapyala pambali pa sinki.

“Mukawayeze amama,” anatero. “Kuchokera pachidendene kufika kuseri kwa bondo, mumange mfundo. Kenaka atakhala m'mphepete mwa bedi, kuchokera pamatiresi kufika pachigongono, mumangenso ina. Ine sindingawagwire.”

Loweruka m'mawa tinapita kwa madala ena okonza mipando yakale, kuseri kwa masitolo a ku Old Town, kumene amuna anga amathera theka la moyo wawo. Ndi shedi yamalata, yamdima pang'ono, yonunkhira utuchi ndi polishi, mipando itasanjikizana mpaka kudenga. Madalawo ndi aafupi, a magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi, ndipo ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata mu shedi yokonzera katundu wa m'nyumba za boma. Atangotiona anafuula, “Bwana! Bwerani muyese uwu, wafika dzulo!” Ndinaona mabondo a amuna anga akuyamba kupindika okha. Ndinawakoka lamba chakumbuyo mwamphamvu moti anatsala pang'ono kugwera pa mulu wa matabwa. Sizinathandize kanthu, chifukwa chingwe chinaukana mpandowo: unali waufupi, wopandanso zogwirira.

Tinayamba kuzungulira. Ine ndinkaloza, iwo n'kumayankha ngati munthu wovomera milandu.

“Uwu?”

“Ndinakhalapo mwezi watha.”

“Nanga uwo wa pakonawo?”

“Umenewo kawiri.”

“Uwu wothyoka mwendowu?”

“Usanathyoke.”

Kenaka tinaupeza. Unali wa mbawa, wotakata bwino, wa zogwirira zosalala. Chingwe chinagwirizana nawo ndendende, mfundo yoyamba pokhalira, yachiwiri pa chogwirira, ngati mmisiri wake anayeza amayi anga. Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anayang'ana pansi.

“Kangapo,” anatero.

“Amayi akadziwa bwanji?” ndinanong'ona. “Ine sindinena. Madalawa sanena. Tikaupukuta, tikauika pilo, basi.”

“Nanga akafunsa?”

“Sangakufunseni inu, salankhula nanu!”

“N'chifukwa chake,” anatero. “Munthu wandilemekeza zaka zonsezi osandiyang'ana ndi kumaso komwe. Ndiye ine ndimunamize chifukwa choti sangandifunse? Akakhala pamenepo, ine ndizidutsa tsiku lililonse ndikudziwa. Ayi, amake ana, sindingathe.”

Ndinapsa mtima koopsa. Ndinawauza kuti Lamlungu ndi mawa, kuti chilungamo chawocho chikawalumalitsa amayi anga pamphasa, kuti akanakhala munthu wokhala pa mpando umodzi ngati amuna a anzanga sitikanafika pano. Ndinanena zambiri, zina sindingazilembe.

Madala aja anali akupala thabwa chapafupi, makutu ali kwa ife. Anaika pansi chopalira n'kukankhira magalasi m'mwamba.

“Pepani, mayi, kulowerera. Mpandowu ndi wa apongozi?”

Nditavomera anaseka mpaka kutsokomola. Anati nawonso apongozi awo anamwalira asanawaonepo mano. Kenaka anatenga ndodo yaitali n'kuloza kudenga, kumene kunapachikidwa chigoba cha mpando, chotuwa ndi fumbi, mavu atamanga chisa pa mwendo umodzi. Chinali ndi msana, miyendo ndi zogwirira, koma pokhalira panali bowo lokhalokha.

“Uwo bwana sanakhalepo,” anatero madala, “chifukwa palibe pokhala.”

Amuna anga anapuma mozama. Ndinadziwa pambuyo pake kuti mpando umenewu anali ataupempha kwa zaka zisanu. Unachokera m'nyumba ya mphunzitsi wamkulu ku mishoni ina, wa mlombwa weniweni, wopanda msomali ndi umodzi womwe, ndipo pokhalira pake panali polukidwa ndi zingwe za chikopa zimene zinaola kalekale. Madala ankakana kuutsitsa mpaka atapeza chikopa chowakhutiritsa. Tsopano anakwera okha pa makwerero, n'kuthamangitsa mavu ndi chipewa, n'kuupereka m'manja mwa amuna anga.

Ine nkhawa inandigwiranso. Ndinafunsa ngati amayi sadzaukana pomva kuti ndi wakale, woti amuna ambirimbiri anakhalapo.

“Mayi,” anatero madala, “pamenepa panakhala azungu, aphunzitsi, abusa, kaya ndi akuba omwe. Onsewo alibe mlandu. Woletsedwa pa dziko lonse lapansi ndi mmodzi yekha, ndi uyu waima apayu.”

Titayeza, zogwirira zinali bwino, koma miyendo inatalika ndi zala zitatu kupitirira mfundo. Mapazi a amayi akanalendewera. Madala anayang'ana amuna anga, chifukwa lamulo lawo lija ankalidziwa kuposa ine. Ndinati mwina tikhoza kuwaikira kathabwa kopondapo. Amuna anga anapukusa mutu, anati kathabwa kakhoza kuwapunthwitsa podzuka. Anatenga pensulo ya madala, n'kugwada pa utuchi ndi buluku lawo labwino, n'kulemba mzere pa mwendo uliwonse, mosamala ngati akujambula mlatho. Atamaliza anati, “Dulani,” n'kutuluka panja. Ine ndi amene ndinagwirira mpando macheka akulira. Atabweranso anatola tizidutswa tinayi tija n'kutiika m'thumba la malaya.

Chikopa panalibe, ndipo ngakhale chikanakhalapo chikanafuna masiku kuti chinyowe ndi kuuma. Madala anati aluka ndi chingwe cha khonje chopota kawiri, chimene chimalimba zaka. Anatuma uthenga kunyumba kwawo kuti asawadikire nkhomaliro, n'kuyamba. Amuna anga anavula jekete n'kumakoka chingwe mbali ina, madala akulowetsa m'mabowo mbali inayo. Dzuwa likupendeka, manja awo a muofesi aja anali atatuluka matuza, ndipo pokhalira panali patalimba ngati ng'oma.

Panatsala kuuyesa, ndipo woyesa ndinali ine, munthu amene kwa ine mpando ndi mpando basi. Ndinakhalapo.

“Msana ukumva bwanji?”

“Uli bwino.”

“Bwino bwanji? Ukukukankhirani kutsogolo kapena ukukulandirani? Tsinzinani kaye. Chingwe chikukulumani m'ntchafu? Tadzukani mogwira zogwirirazo, ngati mwendo umodzi sukugwira ntchito. Khalaninso.”

Anandidzutsa ndi kundikhazika kosawerengeka, akuzungulira mpandowo manja atawapinda kumbuyo ngati mwana amene wauzidwa kuti asakhudze ndiwo za alendo. Mpando umene anaulota zaka zisanu unali patsogolo pawo, wathunthu, ndipo anali atadziletsa okha kuti sadzaumva ndi msana wawo. Ndinawayang'ana, utuchi uli m'tsitsi, ndipo ndinawakonda kwambiri bambo amenewa, kuposa tsiku la ukwati wathu. Sindinawauze, chifukwa ndinali ndisanamalize kukwiya.

Lamlungu m'mawa mlongo wanga anafika, atayenda wapansi kuchokera pamene minibasi inamutsitsa. Amayi anali atasamba kale, atavala mpango wawo wakutchalitchi, zovala atazimanga m'chitenje. Mpando tinauika pakhonde lakuseri, pamene dzuwa lam'mawa limafika. Ndinawapempha kuti asananyamuke angotuluka adzaone chinthu chimodzi. Anabwera ndi ndodo yawo, n'kuima patsogolo pake. Anasisita chogwirira ndi chikhato, n'kudina pokhalira ndi chala.

“Akhalapo?”

“Ayi, amayi.”

“Iwe ndimakudziwa,” anatero osandiyang'ana. “Unkanyambita shuga n'kumakana ali pamlomo. Ukhoza kundinamiza kuti ndichire.”

Sindinathe kudziteteza, chifukwa dzulo lake lomwelo ndinali wokonzeka kuchita zimenezo. Anayamba kutembenuza ndodo kuti abwerere m'nyumba. Pamenepo mawu anamveka kuchokera kukhitchini. Amuna anga anali ataima kuseri kwa chitseko, nkhope atalozetsa ku kabati ya mbale.

“Muwauze amama kuti mpandowo ndakhala ndikuufuna zaka zisanu. Sindinakhalepo, ndipo sindidzakhalapo.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndibwereze monga mwa nthawi zonse, koma amayi anakweza dzanja kundiletsa. Kenaka anabwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka miyendo yawo itakhudza mpando, anagwira zogwirira zonse ziwiri, n'kutsika. Mapazi anafika pansi bwinobwino. Anatsamira, n'kuyang'ana kumunda kwathu kwa masamba, kumene anali asanakuone chibwerereni. Mlongo wanga anali ataima pambali, chipewa chili m'manja.

“Mlongo wakoyu wamwa tiyi?” anafunsa. “Mupatse amwe azipita. Mbuzi zatsala ndi ana okhaokha.”

Anakhala nafe miyezi inayi. Pa mpando umenewo anasankhirapo nyemba, anasendapo mtedza, analukapo tsitsi la mwana wanga wamkazi, ndipo analamulirapo munda wonse, akuloza ndi ndodo pamene pafunika kupalira. Madzulo tinkaunyamulira pabalaza, pafupi ndi zenera, ndipo amayi anayamba kuonera nafe nkhani pa kanema, iwo kuno, mkamwini wawo uko kumapeto kwa chipinda, aliyense maso ake kutsogolo. Ndemanga zinkadzerabe mwa ine. Ndodo yamiyendo inayi inasanduka ya mwendo umodzi, kenaka anayamba kuiiwala m'bafa.

Dokotala atawalola kubwerera kumudzi, mlongo wanga anali atawakhomera kale benchi yaitali bwino pakhonde pawo. Komabe ife tinaona kuti mpando ndi wawo, uyenera kupita nawo. M'mawa wa tsiku la ulendo amuna anga anabwereka galimoto ya bokosi kwa mnzawo wa kuntchito, anaukulunga mpandowo m'bulangete, n'kuumanga ndi zingwe mbali zonse kuti usakhuzumuke m'mabampu a msewu wafumbi. Ine ndinkatuluka ndi amayi, nditanyamula thumba la mankhwala awo. Atafika pa sitepe anaima, n'kuyang'ana chimtolo chili pagalimotocho.

Ndinadikira kuti anene “uwauze bambo,” ndipo khutu ndinali nditalitchera kale. Sanatembenukire kwa ine. Maso anali pansi, koma nkhope inaloza kwa mkamwini wawo.

“Bambo,” anatero. “Tsitsani mpandowo. Kumudzi ndili ndi pokhala. Kuno n'kumene ndinalibe.”

Amuna anga anaima chilili, dzanja lili pa chingwe. Anayang'ana kwa ine ngati akufuna ndiwathandize, koma ine ndinangoyang'ana thumba la mankhwala lija.

“Chabwino, amama,” anayankha.

Anayamba kumasula mfundo zimene anamanga okha, koma zinawakanika, mpaka ndinachita kukatenga mpeni kukhitchini.